Kuloza Kumene Kwang'anima

Chikombe, Salima
14 Januwale 1997

Wokondedwa mwana wanga Eveles,

Ndine bambo wako, Fanuel Masiye. Dzanja ndi la mnzanga Ramadhani telala, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti akachotsapo limodzi ndimugwira powerenganso. Kuno tadzuka. Mkulu wako Maria ali bwino ndi ana ake, mpunga wamaliza kuwokera. Kaya iwe ku Roma kumeneko?

Khirisimasi sunabwere. Sindikudandaula, ndangonena.

Tsono nkhani ndi iyi. Anthu padoko akundifunsa kuti mwana uja munamugulitsira ukonde wa chilimira kuti aphunzire, akugwira ntchito yanji kwa Azungu? Ndinayankha kuti ali kwa Papa. Elliot, uja amati ukonde wake umaposa wanga chiyambire unyamata wathu, anati, "Mwana wa mkulu wa mpingo wa CCAP ali kwa Papa? Walowa usisitere?" Anthu n'kuseka. Ndiye undiuze bwinobwino chimene umachita, m'Chichewa, osati zija unalemba kuti fizikisi. Ano ndi masiku a matipate, makalata satsegulanso ku positi, ungathe kunena zoona. Ngati ndi zausilikali unene. Utumizenso chithunzi chako ndiwatseke pakamwa.

Unafunsa za maso. Maria ali ndi pakamwa. Ndi kautsi chabe ka ukalamba. Anabwera anthu a maso pagalimoto mu Novembala, n'kuika tebulo lawo kusukulu. Kamnyamata kosamera ndi ndevu zomwe kanandiwalitsa tochi kumaso ngati kagwira mbava. Ine ndi iko sitinamvane. Kanalemba pakhadi kuti palibe chochita, ine ndinati zikomo, n'zimene ndimafuna, chifukwa palibe chavuta. Zinathera pomwepo. Usatumize mankhwala.

Ku chilumba cha Mbenji atseka monga mwa chaka chilichonse kuti utaka uswane. Akadzatsegula mu Epulo mwina ine ndipumula, mawondo akuvuta.

Ndine bambo wako,
Fanuel Masiye


Roma
9 Malichi 1997

Okondedwa Ababa,

Ndakondwa kumva kuti mwadzuka. Inenso ndili bwino, kungoti kuzizira. Pepani pochedwa kuyankha, kalata yanu inandipeza pakati pa chipwirikiti chimene ndikufotokozereni. Moni kwa achemwali ndi ana, ndi kwa Che Ramadhani. A Elliot muwauze kuti Papa sindinamuonepo, ndipo usisitere sangandilandire chifukwa pakamwa ndinatengera inu. Si zausilikali ayi.

Ntchito yanga ndi ulonda. Pamwamba pa mitambo, kumene ngakhale mpweya kulibe, kuli makina ozungulira dziko, amati setilaiti. Yathu dzina lake ndi Beppo-SAX, koma timangomutchula Beppo ngati munthu. Ali ndi maso oona kuwala kumene diso lathu siliona, kwa mtundu wa ekisire ya kuchipatala ija, ndi kwina kwaukali kuposa pamenepo, kotchedwa gama. Akazungulira dziko kamodzi amatula ku Malindi, wa ku Kenya osati wa ku Mangochi, zonse zimene waona, ndipo zimafika pa makompyuta athu kuno. Ife timasinthana kuziyang'ana.

Chimene timadikira ndi ichi. Pafupifupi tsiku lililonse, penapake kuthambo pamang'anima kuwala kwa gama kumeneku, kamphindi chabe, n'kuzima. Sikuchenjeza, ndipo sikubwereza pamalo pomwepo. Pansi pano sikufika, mpweya umatchinga, musaope. Patha zaka makumi atatu anthu akukuona, koma palibe ankadziwa kuti chikuphulikacho n'chiyani, kaya chili pafupi kaya kutali, chifukwa makina akale ankangonena kuti kwang'anima chauko, dera lalikulu lodzaza nyenyezi zosawerengeka. Zili ngati munthu akuuzeni kuti bwato lagubuduka panyanja, osanena pati. Mungayambire kuti kufunafuna?

Beppo yekha amaloza. Pa 28 Febuluwale kunang'anima chakumpoto kwa nyenyezi zitatu zondondozana zija. Ine sindinali pantchito, ndinafika m'mawa n'kupeza anzanga akuthamangathamanga, tiyi atazirala m'makapu. Anali atapeza malo ake, kadera kochepa kwambiri kuposa mwezi mmene umaonekera. Akuluakulu analamula kuti Beppo atembenuke, ayang'ane pomwepo ndi maso ake akuthwa, ndipo tsiku lisanathe anaona khala likunyekabe, likuzirala pang'onopang'ono. Anzathu a makina oonera kutali a pansi pano, atauzidwa malowo, nawonso anapezapo kadontho, kamene patapita masiku kanazilala. Ababa, ndinaona anthu a imvi akupukuta misozi.

Ndaikamo chithunzi. Muchiyang'anitsitse, mundiuze ngati mwaona chimene ndikunyadira.

Za maso ndamva, koma mawu a pakhadiwo sanandisangalatse. Kautsi kameneko n'kotani?

Mwana wanu,
Eveles


Chikombe, Salima
6 Epulo 1997

Eveles mwana wanga,

Moni. Tadzuka tonse, mwera yekha ndiye wayamba msanga. Kalata yako Ramadhani wandiwerengera mpaka mawu kumuthera.

Ndiye kuti ndiwe mlonda. Ndinagulitsa chilimira kuti mwana wanga akakhale mlonda. Chabwino. Koma padoko sindinanene choncho. Ndinati ndiwe siginala wa kumwamba, ngati uja amatsogola ndi nyali n'kuuza ngalawa poponya ukonde. Elliot anati, "Nanga nsomba zake zili kuti?" Ndinati, "Zako zili kuti?" Paja sabata yonse wabwera chimanjamanja.

Koma zaka makumi atatu, mwanawe! Anthu akudya, akukwatira, akubereka, kuloza osaloza. Kuno siginala akaphonya mwezi umodzi timamutsitsa n'kumupatsa chokapira madzi. Komabe Bepo wakoyo ndamukonda. Ndi wa khalidwe. Waona, watembenuka, wayang'ananso, osati kungofuula.

Ndili ndi funso. Jameson, mlaliki wa tchalitchi chatsopano cha ng'oma chija, akuti chaka cha 2000 dziko litha ndi moto wochokera kumwamba, ndipo ena aleka kuumba njerwa. Ngati Bepo waona kanthu kakubwera kuno, uyambe wauza ine, asanamve a wailesi. Sindikuopa, ndikufuna ndikhale woyamba kudziwa.

Chithunzi ndachiona. Wanenepa, zikuoneka kuti akukudyetsa. Nkhope yonse ndi ya malemu mayi ako, makamaka pamphumipa. Koma chovalacho chafupika, uzikumbukira kuti ndiwe mwana wa yani. Ndimafuna kupita nacho padoko, koma Ramadhani akuti zithunzi za kunja zimasuluka ndi dzuwa la kuno, ndiye ndachisunga m'Baibulo.

Za kautsi usafunsenso. Ndinayankha kale.

Bambo wako,
Fanuel Masiye

Ine Ramadhani ndalemba monga andiuzira, osachotsa, osawonjezera.


Roma
24 Epulo 1997

Che Ramadhani,

Ndikupatsani moni ndi ulemu wonse, pamodzi ndi amayi kunyumba. Kalata ino ndi yanu, musawawerengere Ababa.

Pachithunzi chija palibe munthu. Ndi pepala lotuwa la madontho akuda, ndi kamuvi koloza dontho limodzi, khala lija ndinkanena. Inu munachiona, ndipo n'chifukwa chake simunalole kuti chipite padoko. Zikomo.

Ababa sakuona, si choncho? Zinayamba liti? Nanga kusukulu kuja kunachitika chiyani kwenikweni? Ndikudziwa kuti anakuletsani kunena. Koma ine kuno kudya kwandikanika, ndipo ulendo sangandilole mpaka chaka chithe. Chonde ndiuzeni.

Mwana wanu,
Eveles


Chikombe, Salima
11 Meyi 1997

Asalamu alaikumu mwana wanga Eveles,

Tili bwino, Alhamdulillah. Bambo ako anandilumbiritsa kuti ndisakuuze, ndipo wallahi sindinakuuze, wazindikira wekha. Tsono poti wafunsa, kubisa kungakhale kunama.

Ng'ala yatseka maso onse awiri. Chaka chatha ankazindikira munthu akayandikira, pano ayi. Pakhonde langa amafika potsata phokoso la makina osokera. Ukonde amasokabe ndi zala, ndipo akuganiza kuti palibe akudziwa.

Kusukulu kuja ndinalipo. Mzere unali wautali pansi pa mtengo wa mango, Elliot ali kumbuyo kwathu, ana asukulu atazungulira. Mnyamata wa masoyo anali waulemu, ndisamunamizire. Anawaonetsa zala n'kufunsa kuti zingati. Iwo anati, "Kafunse amene anakuphunzitsa kuwerenga." Kenako anawaphimba diso limodzi, n'kumawalitsa tochi uku ndi uku. Anati, "Agogo, lozani kumene kukuchokera kuwala." Wina pamzere anaseka, kaya ankaseka chiyani. Bambo ako anapinda manja. "Ine ndine mwana woti ndiziloza tochi? Palibe chimene ndikuona pano." Mnyamatayo anapempha, anabwereza diso linalo, iwo osaloza.

Ndiye anatitengera pambali ine ndi Maria. Anati ng'ala imachotsedwa, koma ngati munthu sakumva ngakhale kuwala kwa tochi, ndiye kuti diso linafa m'kati, ndipo kumuchita opaleshoni n'kuzunza nkhalamba pachabe. Maria anatsogola akulira.

Ife tikubwera pambuyo, ndawagwira mkono, ndinangomva akuti, "Katochi kake n'kofooka, mabatire atha. Poyamba anali nako kumanzere, kenako anakakweza pamwamba." Ndinaima. Ndinati, Fanuel, bwanji sunaloze? Anati, "Pamaso pa Elliot?"

Ndawanyengerera mpaka lilime kuuma. Akuti khadi linalembedwa kale, mwamuna sabweza mawu, ndipo ndikauza Maria ubwenzi watha. Pansi pa zonsezi ine ndikuonapo mantha. Anamva kuti kumeneko amakolowola diso n'kuikapo la mbuzi.

A maso aja akubweranso mu Ogasiti. Anatiuza pamzere paja kuti ng'ala ikakhalitsa kwambiri ingathe kuwononga diso ndithu. Ine ndalephera, mwana wanga. Iwe yekha ndiye amakumva, chifukwa umalankhula uli kutali, sangakugende.

Insha Allah zitheka.
Ramadhani


Roma
2 Juni 1997

Ababa,

Moni, ndi moni kwa onse. Che Ramadhani, ino muwawerengere yonse, ngakhale akakuletsani pakati.

Ababa, pachithunzi chija ine palibepo. Ndi madontho okhaokha. Apo ndi pamene ndinadziwira, ndipo ndine ndinakakamiza Che Ramadhani kuti andiuze zotsalazo. Mukafuna kukwiya mukwiyire ine.

Ndiyambe ndi nkhani imene munapempha kuti mukhale woyamba kumva. Pa 8 Meyi kunang'animanso, ndipo ulendo uno ndinali nawo m'gulu lowerengera malo. Tikatumiza malowo, makina akuluakulu a m'mayiko ambiri amasiya ntchito zawo n'kutembenukira pamene tanena. Tikaloza polakwika, onsewo ayang'ana pachabe, ndipo aliyense adziwa amene waphonya. Kudikira kuti titsimikize bwino sikutheka, chifukwa khala limazirala. Tinatumiza. Analipeza, ndipo ulendo uno anatha kuyeza mtunda wake. Chili kutali kosaneneka, kunja kwa mlalang'amba wathu. Kuwala kumene tinaonako kunanyamuka dziko lino lisanakhalepo. A Jameson muwauze kuti anthu aumbe njerwa.

Panali akatswiri otchuka amene zaka zonsezi ankalimbikira kuti zimenezi zimaphulika pafupi. Apezeka olakwa pamaso pa dziko lonse. M'mawa mwake anabwera kuntchito, ena akuseka okha, n'kufunsa kuti tsono tiyambire pati.

Ndinapita kwa dokotala wa maso kuno kukafunsa za tochi ija. Akuti si masewera a ana. Ng'ala ili ngati nsalu yopachikidwa pawindo. Iwo sangathe kuona kuseri kwake, ndiye njira yodziwira ngati m'nyumbamo muli munthu ndi yomweyo, kuti mwiniwake aloze. Diso loloza ndi lamoyo. Inu munadziwa kuti tochi inali kumanzere, kenako pamwamba. Ababa, maso anu ndi amoyo. Ndipo diso la mbuzi saika. Amachotsa chotchingacho n'kukupatsani magalasi.

Ine ndine mwana, sindingakulamuleni. Munandilola kupita kusekondale pamene mudzi wonse unkati mtsikana akwatiwe, ndipo anakusekani, inu osatembenuka. Ndikupempha chinthu chochepa kuposa chimenecho. Mu Ogasiti mukakweze chala.

Mwana wanu,
Eveles


Chikombe
20 Julayi 1997

Mng'ono wanga Eveles,

Muli bwanji. Ndine Maria, ndikulemba ndi dzanja langa la sukulu ya kwacha, uwerenge mopirira. Usadikire kalata ya ababa. Akuti ku Roma alibeko mwana. Ababa anathamangitsa Che Ramadhani kalata yako isanathe, ndipo pakhonde pawo sakupitanso.

Yotsalayo ndinawawerengera ndine. Apo ndi pamene ndinamva za tochi. Ine ndalira miyezi yonseyi kuti maso anafa, iwo akudziwa. Ndinawakalipira, koyamba chibadwire.

Koma imva izi. Amandiitana kuti Maria tawerenganso paja pa akatswiri olakwa. Ndikamaliza amafunsa kuti, ndiye sanawachotse ntchito? Ndimati sanalembe choncho. Amati hmm.

Dzulo masana ndinalowa m'nyumba mwawo mwakachetechete. Ndinawapeza atseka chitseko, aphimba diso limodzi ndi dzanja, akuloza pobooka denga pamene pamalowa dzuwa. Kenako anatembenuka n'kulozanso. Atamva mapazi anga anayamba kukanda m'mutu ndi chala chomwecho. Ndinati ababa mukutani. Anati nsabwe.

Choipa n'chakuti ana anga anamva pamene ndinkakalipa, ndipo nkhani yafika padoko. Sindikudziwa ngati zithandiza kapena ziwononga. Ogasiti wayandikira. Uzipemphera.

Mkulu wako,
Maria


Chikombe, Salima
31 Ogasiti 1997

Eveles,

Moni. Sindinakukhululukire, ndikungokudziwitsa. Ndabwerera kwa Ramadhani chifukwa Maria amalemba ngati nkhuku ikupalasa, osati chifukwa china.

Usaganize kuti kalata yako ndiyo inanditembenuza. Elliot ndiye analakwitsa. Ananena padoko, ine ndili pomwepo, kuti, "Musiyeni mkuluyo. Sanaloze chifukwa sakanatha. Zoti ankaona tochi n'zopeka, akuphimba manyazi." Ine Fanuel Masiye, wopeka!

Lamulungu ndinaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza, ndinati aliyense wopanda chochita Lachinayi abwere kusukulu. Ku mzikiti analengeza Ramadhani. Lachinayi litafika ndinavala jekete. Tinapeza mnyamata yemwe uja, ndinamudziwa mawu. Ataona khadi anati, "Agogo, pajatu tinayesa kale." Ndinati, "Unayesa iwe, ine sindinayese. Mabatire wagula?"

Anaseka. Anati tilowe m'kalasi, muli kamdima kabwino, komanso simukhala anthu. Ndinati m'kalasi tilowa, koma ndi anthu omwe, ndipo Elliot akhale pa desiki yakutsogolo poti pasukulu sanakhalepo. Elliot anati, "Ngati iwe unakhalapo!" Ndinati lero ndi tsiku langa loyamba, uone mmene ndikhozere.

Analowa mpaka kupuma kuvuta. Anandiphimba diso lamanzere. Kuwala kunabwera, kofiira ngati dzuwa la m'chifunga. Mwanawe, mkono unalemera. Ndinakumbukira kalata yako ija, ndinati ngati kamtsikana kanatumiza, ine ndilekerenji. Ndinaloza. Anati eya. Anasuntha, ndinaloza. Pamwamba, pansi, chakukhutu. Kenako anati, "Nanga tsopano, agogo?" Ndinati, "Wazimitsa, usandiyese." Amayi n'kuyamba nthungululu, a hedi n'kubwera kudzafunsa kuti kwagwanji.

Lamanzere linasokoneza mbali imodzi, ndisaname. Akuti tiyambe ndi lamanja, linalo aliona bwino kumeneko. Khadi lakale analing'amba. Galimoto idzatitenga mwezi wamawa kupita kuchipatala cha ku Nkhoma, Maria andiperekeza.

Zoti kuwala kunanyamuka dziko lisanakhalepo, usandiphunzitse Genesis. Komabe ndinaganizira, ndinapeza kuti kuwala kunalengedwa tsiku loyamba, mtunda pambuyo, ndiye mwina simunaname kwambiri. Jameson ndinamuuza. Akuti Bepo ndi chilombo cha m'Chivumbulutso, koma njerwa wayamba kuumba.

Ramadhani akuti tilembe kuti ndikuopa mpeni. Ndamuletsa. Iwe ungopemphera monga umapemphera masiku onse, uwonjezereko pang'ono.

Bambo wako,
Fanuel Masiye


Chikombe, Salima
26 Okotobala 1997

Wokondedwa mwana wanga Eveles,

Moni wa munthu woona. Tadzuka, ndipo lero ndikunena ndi umboni, chifukwa ndawayang'ana onse mmodzimmodzi.

Za mpeni sindinena zambiri. Anabaya pafupi ndi diso, ndinamva akulankhula Chingerezi pamwamba panga, ndinaimba nyimbo mumtima. M'mawa mwake anachotsa thonje, kunali kuwala kokhakokha kopanda mutu, ndinati andinamiza. Kenako nesi anandiveka magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, ndipo patsogolo panga panaima mayi wina wa imvi m'mbali, atagwira pakamwa. Ndinati, "Mayi, mukufuna yani?" Anati, "Ababa, ndine Maria." Imvi zimenezo sindinazisiye. Ndikudziwa amene anazibweretsa.

Udzu sindikuulakalaka, ndiye kuti la mbuzi sanaike. Ramadhani wakalamba koopsa, mano atsala owerengeka, ndipo palibe anandichenjeza. Akuti nanenso ndidziyang'ane pagalasi. Ndi magalasiwa anthu achilendo akundipatsa moni wa aphunzitsi, ine sindikuwakonza.

Bepo wako azilozabe. Chimene chikuphulikacho simunachidziwebe, ndamva bwino, ndiye musanyade msanga. Mukachidziwa undiuze. Diso lamanzere akuti tione chaka chamawa, mwina litheka mwina ayi. Iwe usadikire limenelo. Bwera Khirisimasi ino, limodzili likukwanira. Mu Epulo ndikupita ku Mbenji, mawondo achira.

Tsono pali china. Ramadhani, lemba bwino apa.

Tsiku limene tinabwera kuchokera ku Nkhoma ndinakana kugwiridwa dzanja, ndinati padoko ndipita ndekha monga ndimachitira. Nthawi yonse ya mdima ija ndinkayenda njira imeneyi ndi mutu wanga, osapunthwa, n'kumati ndawapusitsa onse. Ndikuyang'ana pansi, ndinapeza zitsa zonse zazulidwa. Dzenje la pamjigo lakwiriridwa. Ndipo thandala loyanikapo usipa la Elliot, limene lakhala pakati panjira chiyambire, limene tinakanganirana mpaka kwa amfumu iye osalisuntha, lili pambali, patali ndithu.

Ndinabwerera kukafunsa Maria kuti analisuntha ndani. Anati mwini wake, chaka chatha, tsiku lomwe munagundapo bondo lija. Anati ndi yemweyo anauza ana a mudzi wonse kuti wosiya ndowa kapena nkhafi panjira ya a Masiye aona zakuda. Ndinati nanga mawu aja ananena padoko, oti ndine wopeka? Maria anati, "Ababa, mukuganiza kuti mukanapita?"

Ndinatsika padoko. Ndinamupeza atakhala pamchenga akusoka ukonde, wawerama msana, wachepa thupi kuposa mmene ndinamusiyira. Ndinaima patsogolo pake nthawi yaitali. Iye osadzutsa mutu.

Ndinati, "Ukusoka mokhota."

Anati, "Maso ayamba kautsi. Khala pansi undithandize."

Ndinakhala. A maso akadzabweranso ndimuperekeza ndine, ndipo ndikakhala pa desiki yakutsogolo.

Ndine bambo wako,
Fanuel Masiye